Chala cha Amayi pa Pepala la Penshoni

Nsapato zija ndimaziona mpaka lero: zakuda bii, zonyezimira, zitapachikidwa ndi zingwe zake pa nthambi ya msuku m'mphepete mwa munda wathu ku Zemba. Zinali za amalume, mlongo wawo wa amayi. Anabwera nazo m'nyengo yotentha, mitengo ikuphuka masamba ofiira, ine ndili kamtsikana kosatha kusenza ndowa yodzaza.

Amalumewo anali mtchona. Anapita ku Lusaka ine ndisanabadwe, nakagwira umesenjala mu ofesi ya boma, osalemba kalata, osabwera ngakhale pa maliro a mayi wawo. Chinawabweza si kulakalaka kwawo ayi, bodza n'loipa. Anali mawu a mtsogoleri wa dziko. Iyeyo ananenetsa pa wailesi kuti wopuma ntchito ya boma asakalambire m'tauni, abwerere kwawo akagwire khasu, penshoni yake idzamulondola konko. Amalume akuti anaikalipira wailesiyo, koma basi anakwera.

Anafika ndi sutikesi imodzi ndi pepala. Pepalalo linkafuna kuti wachibale adindepo chala, kuchitira umboni kuti munthuyu ndi wa mudzi uno ndipo wakhazikika. Popanda chalacho, ku boma ku Chadiza sakanawapatsa kanthu. Ndiye wachibale wamkulu wotsala anali amayi okha.

Aphunzitsi anabwera kudzawerenga pepalalo pakhonde. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka dzanja lawo lowu m'chitenje.

"Pepala likuti wakhazikika. Wokhazikika amakhala ndi mizere yake. Alongo, mizere yanu ili kuti?"

M'mawa mwake anawapatsa khasu.

Aa, chaka chimenecho tinaseka ife! Ana tonse tinkawatsata kumunda ngati kuli gule. Tsiku loyamba analima atavala nsapato, dothi n'kudzazamo. Tsiku lachitatu anazivula, n'kuzipachika pa msuku paja. Mapazi amene anatulukamo anali oyera ngati chinangwa chosenda, ndipo akaponda nthaka yotentha ankadumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. Mizere yawo inkakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Azimayi opita ku dimba ankaima n'kufuula, "Abwana a ku Lusaka, ofesi yatsegulidwa?" Iwo, khasu paphewa, sawasha ngati msilikali: "Yatsegulidwa, mayi! Lowani ndi khasu lanu!"

Popuma ankatiphunzitsa kuguba, ife tili ndi mapesi paphewa. Matuza a m'manja mwawo ndinkawaboola ndine ndi munga, iwo akulira mokokomeza kuti tiseke.

Ndipo m'mawa uliwonse moni wawo unali umodzi: "Mlongo wanga, chala chija chadzuka bwanji?"

"Chadzuka ndi litsipa," amayi ankayankha, osaseka. Tsiku lina chinali ndi chimfine. Tsiku lina chinali chitapita ku maliro.

Masiku ano adzukulu amandiuza zimene atsogoleri akulonjeza anthu opuma ntchito, uyu akuti apatsidwe msanga, uyo akuti adikire. Ine sindidziwa za mapepala, nanenso ndimadinda chala. Koma ndimati munthu wotumikira boma mpaka imvi asamachite kupempha thukuta lake. Mtsogoleri uja ankaganiza zochepetsa anthu m'tauni, sankadziwa kuti akubweza mlongo wa munthu.

Mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi kuti guu mudzi wonse. Inswa zinatuluka, amalume akuzithamangitsa ndi chipewa, pakamwa pali noninoni. Tinabzala nsawa, amayi akuwaonetsa kukwirira ndi chidendene. Apo aphunzitsi anabweranso, nkhope ili yolimba. Anati mwezi ukatha pepala lisanafike ku boma, dzina la amalume libwerera ku Lusaka, ndipo mwini wake adzayenera kulitsatira. Kunatsala masiku anayi. Amalume analeka nthabwala, sutikesi anaipukuta fumbi. Ine ndinakwiyira amayi, ndinakana ngakhale kuwatungira madzi. Koma ndinkawaona m'mamawa akuzungulira mizere yokhota ija, akuwerama, akuyang'ana pansi.

Tsiku lachitatu tinamva mfuu yochokera kumunda. Amalume akuthamanga, opanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, mdala wa imvi.

"Zamera! Mlongo wanga, zamera! Zanga zomwe!"

Amayi anaika pansi lichero, n'kuti, "Kaitaneni aphunzitsi. Chala chachira."

Inki yake inali yofiirira ngati nthudza zakupsa. Anadinda mwamphamvu mpaka pepala linafuna kubooka. Amalume anapalasa njinga ya aphunzitsi kupita ku Chadiza atavala patapata, ndipo pobwera anatigulira mabanzi. Nsapato zija anaziiwala pa msuku, mpaka katimba kanamangamo chisa, iwo n'kuletsa aliyense kuzikhudza.

Ine ndinkayesa kuti amayi ankawalanga chifukwa cha maliro aja. Sindinkadziwa kuti ankaopa. Akanadinda tsiku loyamba, mlongo wawo akanalandira zake n'kukweranso basi. Ankadikira nthaka iwagwirire mwendo, pakuti munthu amene waona mbewu yake itamera sachoka asanaikolole, ndipo akakolola amasungako ya chaka chamawa. Amalume anakolola pa munda uja mpaka tinawaika pafupi ndi mayi wawo.