Galimoto Yakuda ya a Bester

A Bester Kaliwo anafika ku Leeds mu 2003, dzanja lina atagwira mwana wawo Miracle, lina sutukesi. Akazi awo, mayi Asimenye, anali atatsogola kale kudzagwira ntchito ya unamwino pachipatala china chachikulu mumzindamo. Ku Balaka a Bester anali mphunzitsi wa sitandade 7, munthu wosavula tayi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Ku Leeds anapeza ntchito yolongedza makatoni, koma uphunzitsi sunawachoke. Kaya ndi ketulo, kaya nsapato, sankagula asanafufuze kaye ndi kupereka malikisi.

M'nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala mzungu wokalamba, a Rowland, amene kale ankayendetsa basi. Pakhomo pawo panali kalavani, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto, komwe azungu amagonamo akapita kokapuma kunyanja. Mawondo atayamba kuwavuta, a Rowland anaitana a Bester pampanda.

"Itengeni iyi, anzanga. Ine sindingathenso. Mungopeza galimoto yoti iziikoka."

A Bester analowamo, natsegula timakabati tonse, nakhala pabedi kuyesa matiresi. Potuluka anali akuyenda ngati mwini nyumba. Vuto linali limodzi: galimoto yawo inali kagalimoto kakang'ono kofiira, koti pachitunda mumachita kukanyengerera.

"Ndiye mukuti tigule ng'ombe chifukwa munthu watipatsa ngolo?" anafunsa mayi Asimenye madzulo ake, akuvula nsapato za kuntchito.

"Ng'ombe yake yotchipa, mayi a Miracle. Yogwirapo kale ntchito."

Kafukufuku anayambira pomwepo. A Bester anawerenga nyuzipepala zotsatsa magalimoto mpaka zala kuda. Anaphunzira kuti galimoto yokoka kalavani iyenera kulemera kuposa kalavaniyo, kuti ya dizilo ndiyo imapirira pachitunda, ndipo zonsezi ankaziphunzitsa aliyense amene walakwitsa n'kuwapatsa moni. Loweruka lililonse ankavala tayi, kunyamula kamkeka, n'kukwera sitima: lero ku Bradford, sabata ya mawa ku Wakefield, tsiku lina mpaka ku Salford. Akafika ankayala kamkekako n'kugona chagada kusuzumira kunsi kwa galimoto.

Palibe imene inkakhoza mayeso. Ina inali ndi dzimbiri. Ina inkanunkha galu. Ina inali kale ndi chitsulo chokokera kumbuyo, koma a Bester atachiona kuti chaperepeseka anapukusa mutu, amvekere, "Iyi yakoka moyo wake wonse, isiyeni ipume." Wogulitsa wina anawapitikitsa atawaona akununkhiza oyilo ngati akuyesa ndiwo zogona. Kutchalitchi cha Amalawi anayamba kuwatchula a Injiniya. Nyengo yotentha, yomwe kumeneko siichedwa, inali kutha, kalavani ili phee pakhomo pa a Rowland.

Kenako anaipeza, m'katauni kena kunja kwa Leeds. Inali yaitali, yakuda bii, yonyezimira ngati nsapato ya mkwati. Injini inkalira pansipansi. A Bester anagona pakamkeka nthawi yaitali osapeza poikira cholembera chofiira. Mtengo wake ndiwo unawadabwitsa.

"Bwanji mukuigulitsa motchipa chonchi?"

Wogulitsayo, bambo wa suti yakuda dzina lake Harry, anayankha mofatsa kwambiri. "Ambiri akamva komwe yachokera amabwerera. Ife ntchito yathu ndi yoyendetsa maliro. Koma musadandaule, iyi inkangonyamula nkhata za maluwa."

A Bester anaima kaye. Kenako mphunzitsi wa mwa iwo anadzuka n'kuyamba kuwerengera. Galimoto yosathamangitsidwapo chibadwire. Yotsukidwa tsiku ndi tsiku. Yolemera bwino. Anailipira, nakaiikitsa chitsulo chokokera pagalaja, ndipo panjira anagwirizana ndi mtima wawo kuti mbiri ya galimotoyo si nkhani yotopetsa nayo munthu wochokera kuntchito.

Atangoima pakhomo, nkhalamba ina ya tsidya la msewu inavula chipewa. Mayi Asimenye anatuluka, naizungulira galimotoyo pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo.

"Bambo a Miracle, iyi ndimaidziwa. Imabwera kugeti la kuseri kuchipatala kwathu."

"Anandiuza kuti inkanyamula maluwa okhaokha."

"Mwina maluwa ake anali olemera, chifukwa ankawanyamula amuna awiriawiri." Anatsegula chitseko, nakhala pampando wakutsogolo, naugunda ndi chikhatho. "Ine omwalira sindiwaopa, ndimawasambitsa ndi manja angawa. Mipando yake ndi yabwino. Koma kutchalitchi mukafotokoze nokha."

Lamulungu lake, galimoto italowa pabwalo la tchalitchi, macheza onse anazima. Amayi ena anayamba kufunsana ndi maso kuti watisiya ndani. A Mapopa, mkulu wa mpingo amene sabata iliyonse ankapempha kuperekezedwa kwawo, tsiku limenelo anakumbukira kuti dokotala anawalangiza kuyenda pansi.

Ulendo woyamba unachitika mu Seputembala, wopita kugombe la kufupi ndi Whitby. Apa a Bester anapambana ndithu. Galimoto inakoka kalavani ngati sikumva kuti kumbuyo kuli kanthu. Iwo ankayendetsa mwaulemu, msana uli chilili, ndipo pagalasi ankaona mzere wautali wa magalimoto ukuwatsatira mwakachetechete, popanda ndi mmodzi yemwe woimba hutala.

"Mwaona khalidwe la anthu a kuno?" anatero monyadira.

"Akudikira kuti tikhotere kumanda," anayankha mayi Asimenye.

Pamalo ogonapo panafunika kubwerera chambuyo kuti kalavani ilowe pakati pa makalavani ena. Zimenezi nyuzipepala sizinawaphunzitse. Akakhotetsa kumanja, kalavani inkapita kumanzere. Akakhotetsa kumanzere, inkapinda ngati ikufuna kudzawanong'oneza pazenera. Azungu anatuluka ndi makapu a tiyi kudzaonerera mwaulemu. Thukuta litanyowetsa tayi, mayi Asimenye anatsika, namasula kalavaniyo, naitana oonererawo ndi mawu omwe amaitanira anzawo potembenuza wodwala. Anaikankha ndi manja mpaka pamalo pake.

Mvula inayamba posakhalitsa. Madzi anali okatunga pampopi ndi chigubu, chimbudzi chinali kutsidya kwa bwalo, ndipo munthu akafuna kutembenuka m'kanyumbamo ankayamba wapempha mnzake. Miracle yekha ndiye ankadumpha pabedi, akulankhula Chingerezi chothamanga ngati cha pawailesi.

"Bambo a Miracle," anatero mayi Asimenye akuyang'ana mwamuna wawo akulowa ndi chigubu, nsapato zili matope okhaokha, "tinachoka ku Balaka, tinakwera ndege, kuti tidzatunge madzi kumjigo?"

"Kusiyana kulipo," anayankha a Bester akupukuta magalasi. "Kuno timati holide."

Mayi anaseka mpaka kugwira kakabati, ndipo anapempha okha kuti awonjezere tsiku lina.

Mantha a kutchalitchi anatha mu Disembala, pamene a Mapopa ankapita kumudzi ndi masutukesi oti takisi inawakana. Anakwera kutsogolo m'galimoto ya a Bester, napemphera motalikitsa, nafika bwinobwino pabwalo la ndege ku Manchester. Kuyambira pamenepo, wosamuka nyumba, wogula firiji, wolandira alendo ochokera ku Lilongwe, onse ankaimbira a Bester, ndipo iwo sankakana.

Galimotoyo inawatumikira zaka zambiri, ndipo kunyanja ankapita chaka chilichonse. Kubwerera chambuyo kokha ndiko sanakuphunzire. Ankasankha malo a kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kolowa chakutsogolo n'kutulukanso chakutsogolo, ndipo wina akafunsa ankafotokoza mwatsatanetsatane kuti kumeneko ndiko kumawomba mphepo yabwino.