Tcheni cha Njinga ya Atate ndi cosh

Patchuthi china ndinabwerera kwathu ku Zemba kuchokera kukoleji ku Chipata, mutu uli pa Python basi, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Tinali titangophunzira kulemba import math, mawu otsegulira zida za masamu mu Python, ndiye ndinkakhalira kuyesa pafoni chilichonse chopezeka m'menemo. Tsiku lina ndinaona cos wa m'masamu a kusekondale, pambali pake pali cosh. Ndinkayesa wina analakwitsa polemba. Koma nditayamba kuika manambala, mayankho a cos ankakwera n'kutsika, pomwe a cosh ankangokwera osabwerera. Nditalemba math.cosh(1000), foni inakana, akuti yankho lakula mopitirira.

Ndinatumiza uthenga kwa aphunzitsi athu a masamu, kufunsa ntchito ya cosh. Anayankha mwachidule: "Pachika tcheni pamisomali iwiri, uone."

Masana amenewo atate anali pakhonde akutsuka tcheni cha njinga yawo m'parafini. Ndinagwada n'kuwapempha kuti andibwereke.

"Uchitire chiyani, mwana wamkazi wopanda njinga?"

"Ndikufuna ndione mmene chimalendewera, atate."

Anakatenga okha misomali n'kuikhoma pakhoma la khitchini. Tcheni chinalendewera. Ine ndinkawerengera mayankho a cosh pafoni, kuyeza ndi rula, n'kuika madontho a makala pakhoma. Poyamba madontho anapita kwaokha, tcheni kwachokha. Ndinasinthasintha nambala imene ndinkagawira ndi kuchulukitsira mu cosh mpaka madontho anakhala pansi pa tcheni penipeni, kuchokera msomali uku kukafika uko.

Atate anapukuta manja pabuluku. "Foniyi yachidziwa bwanji tcheni changa?"

Analozanso tcheni chija.

"Nanga chikakhala cholemera? Sichitsika kwambiri?"

Ndinati mwina chitsika. Anapita kukhola n'kubwera ndi tcheni chokokera pulawo, anachiyeza kuti kutalika kufanane ndi cha njinga, n'kuchipachika. Msomali umodzi unapindika, tinakhoma wina. Tcheni cholemeracho chinadutsa m'madontho omwe aja.

Atate anaseka mpaka kukhala pansi. Amai pochokera kumunda kokumba nshawa anapeza khoma lawo lili makala ndi mafuta okhaokha, ndipo sanaseke nawo.

Mawa lake ndinadzuka n'kukatapa dothi lozirira khomalo. Ndikuzira, atate anaima kumbuyo kwanga, maso ali pachingwe choyanikira zovala.

"Chija chikakhala ndi malaya onyowa pakati, foni yako ikuti bwanji?"

Ndinawauza kuti zimenezo sitinafikepo.

"Ukafunse," anatero, akukankha njinga kupita kuboma.