Masekondi Atatu a Anti Esinala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, amene ankaphika pa koleji ina ya aphunzitsi m'mapiri a Dowa. Anamva m'khitchini kuti pakufunika munthu wosamalira bwalo la basiketibo ndi kuyimbira masewero a ophunzira okhaokha, hositelo ina kulimbana ndi inzake. Ine masewerowa ndinawaphunzira ku sekondale ya mishoni, koma panthawiyo ndinkangokhala pakhomo, kuthandiza bambo kusoka fodya. Lolemba lotsatira ndinakaonekera kwa a Mbewe, mphunzitsi woyang'anira zamasewero. Anandipatsa wezulo, pampu ndi singano yake, mipira iwiri yoperepeseka ndi kiyi wa kachipinda ka katundu. "Asamenyane basi," anatero. "Zinazo uziona wekha."

M'mawa ndinkasesa simenti, kumata ming'alu, kukwera makwerero kukamanga ndi sipanala mabawuti a ling'i, chitsulo chozungulira cholowetsamo mpira. Mpira ndinkaupopa, kenako kuusiya kuchokera pamutu panga. Ukanjanja kufika m'chiuno, ndiye kuti wakwana. Mizere ndinkaipaka ndekha ndi penti yoyera, kuphatikizapo kabokosi kamene kamakhala pansi pa ling'i. Lamulo lake ndi lakuti wosewera wa timu imene ili ndi mpira asaime m'kabokosimo kupitirira masekondi atatu.

Ligi ya atsikana ya chaka choyambacho inali yophetsa nayo kuseka. Pafupifupi onse anachokera ku netibo. Munthu ankati akawakha mpira n'kuima njii ngati mtengo wa magetsi, kunjanjitsa osakudziwa, thabwa la kuseri kwa ling'i akuliona ngati chokongoletsera. Ndikanati ndiziyimba cholakwa chilichonse, bwenzi masewero akutha popanda chigoli. Choncho tinagwirizana ndi makaputeni kuti malamulo ena, kuphatikizapo la kabokosi, tiyambe tawasiya.

Amene anasonkhanitsa atsikana onsewo anali Esinala, mayi wa ku Kasakula amene anabwerera kusukulu ali kale ndi mwana. Onse ankamutchula kuti Anti. Ankayenda khomo ndi khomo m'mahositelo kukoka anthu amanyazi, ndipo mabibu a matimu onse, timalaya tovala posewera, anawasoka yekha pa makina obwereka. Posewera, malo ake anali amodzi: pansi pa ling'i, manja m'mwamba, kudikira mpira monga ankachitira pa netibo ya kwawo. Kuthamanga kunali kwa ena. Koma mpira ukamupeza pamenepo, sunkaphonya.

"Anti, tulukanimo m'bokosimo, mudzamera mizu," ndinkamuseka.

"Achimwene, pano ndi pamunda panga," ankayankha.

Chaka chachiwiri kunabwera atsikana a ku Lilongwe, ovala nsapato zenizeni za basiketibo, odziwa kunjanjitsa mpira ndi manja onse awiri. Ndisaname, ndinasangalala. Anthu anayamba kudzaza bwalo mpaka ena kukwera pa mpanda. A Mbewe nawo anaona mwayi wosankha timu yokaimira koleji kunja. Anandiitana ku ofesi kwawo. "Zachibwana zija zithe. Malamulo onse agwire ntchito, osasiyako ndi limodzi lomwe." Ndinawauza kuti ambiri mwa akalewo sadzakwanitsa. Iwo anati amene sakwanitsa aziombera anzawo m'manja.

Akalewo anayamba kusowa mmodzimmodzi. Amene kale ankagwa n'kudzuka akuseka tsopano ankakuwizidwa ndi a hositelo yawo yomwe. Esinala yekha sanasiye. Madzulo ankabwera kuti ndimuphunzitse kulowa ndi kutuluka m'kabokosi, akuwerenga mokweza, ndipo pophunzira ankakhoza bwinobwino. Koma kaputeni wake watsopano, Chisomo, ankamukhazika pabenchi masewero onse, iye n'kumasunga mabotolo a madzi.

Hositelo yawo inafika mu fainolo, patatsala milungu yochepa kuti Esinala amalize maphunziro. Tsikulo amuna ake anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Kasakula, matope ali mpaka m'mawondo, atanyamula mwana wawo Tadala, wa sitandade 2. Esinala anabwera naye kwa ine ndikupopa mipira. "Apatse moni amalume. Lero uona amayi ako akusewera."

Masewero anali otentha kuposa onse amene ndinayimbirapo. Zigongono, kukokana mabibu, a Mbewe ali chilili pambali pa mzere ndi mlendo wodzaona osewera. Oyimbira sasankha wolowa m'bwalo, choncho ndinkangoponya diso ku benchi, kumene Esinala anakhala atavala bibu yake yosita. Chakumapeto, timu yake ikutsalira ndi pointi imodzi, mtsikana wawo wina anakwanitsa mafaulo asanu n'kutuluka. Wina anali atabinya kale bondo. Chisomo anayang'ana pabenchi, napeza kuti watsala ndi Anti yekha.

Analowa anthu akukuwa. Ndipo zonse zimene tinaphunzira madzulo aja zinauluka. Miyendo yake inamutengera kumunda kwake kuja, pansi pa ling'i, manja m'mwamba. Ndinawerenga mumtima, ndipo Mulungu ndi mboni, ndinawerenga mochedwa. Atatu anakwana. Ndinawonjezera. Benchi ya timu inayo inali itaimirira, ikukuwa kuti, "Bokosi, refa! Bokosi!" A Mbewe ankandiyang'ana. Ndinaliza wezulo, ndipo nthawi yomweyo mpira unafika m'manja mwa Esinala. Phokoso linali lalikulu moti sanamve. Anaponya mwaulemu wake uja, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo.

Ndinakweza zala zitatu, n'kupingasa manja kusonyeza kuti palibe chigoli. Tadala anali atalowa kale m'bwalo, akudumpha, akuitana amayi ake. Posakhalitsa nthawi inatha.

A Mbewe anandigwira paphewa nati ndayimba ngati katswiri. Atsikana a hositelo ya Esinala sanandinyoze ine. Ankanyoza iye, poyera, kuti agogo awaluzitsa. Esinala anatolera mabotolo a madzi monga mwa masiku onse. Ine ndikutsitsa maneti, ndinamva Tadala akundikoka buluku.

"Amalume, mwakaniranji chigoli cha amayi? Chalowa. Ndachiona ine."

Ndisanayambe n'komwe kumufotokozera za kabokosi ndi masekondi atatu, bambo ake anamunyamula n'kundipepesa, ndipo kupepesako kunandipweteka koposa. Ndinakadzitsekera m'kachipinda ka katundu ndipo ndinalira, munthu wamkulu ndithu, nditakhala pa chitini cha penti.

Patapita masiku awiri Esinala anabweretsa mabibu onse, ochapa ndi opinda. Ndinayamba kulankhula, iye anandidula. "Simunalakwe, achimwene. Masewerowa akula, atisiya." Sanapondenso pabwalopo. Chaka chotsatira matimu a atsikana anatsala awiri okha, osewera bwino kwambiri, owonerera ochepa. Timu ya koleji inapezekadi. Koma atsikana a kumidzi aja ankangodutsa ndi mabuku awo, osacheukira n'komwe.

Ndikuyimbirabe mpaka lero, m'makoleji ndi m'masekondale. Ndikamapatsidwa ligi, ndisanalandire wezulo ndimafunsa kaye kuti masewerowa ndi a yani, a ofuna chikho kapena a ofuna kusewera. Ngati onse alipo, ndimaumirira kuti pakhale magulu awiri, ndipo akakana ndimabweza wezuloyo. Zimenezi zimakambidwa ligi isanayambe, chifukwa mpira ukangoponyedwa m'mwamba oyimbira alibenso chifundo choti apereke. Ndinamva kuti Esinala akuphunzitsa kwinakwake ku Ntchisi ndipo amaphunzitsa ana netibo. Tadala ayenera kuti ndi mtsikana wamkulu tsopano. Funso lake lija sindinaliyankhebe.