Galu wa agemu akamatsimphina

Bambo a kunyumba anali agemu, olondera nyama m'paki, pa geti ya Thazima, ine mkazi wa ku Ntcheu wongowatsatira, wopanda mnzanga kupatula galu wathu wofiira. Anthu akamacheza m'Chitumbuka, ine ndinkacheza ndi galuyo.

Tsiku lina analumpha ngalande pothamangitsa nkhuku, n'kulira kamodzi, kwee! Anabwera mwendo wakumbuyo uli lende. Ndinaona ndi maso angawa, koma anthu a pamalopo, mayo ine! Akuti ncheŵe ya agemu, ndiye galu m'chinenero chawocho, yakodwa mumsampha m'paki, ndiye kuti mwiniwake amakasaka nayo mobisa. Mkazi wina anachita kundiuza pamjigo, akumwetulira.

Bambo anabwera nkhope ili gwaa. "Amayi, galuyu andichotsetsa ntchito. Ndikabwera kupatirolo ndithana naye."

Atangonyamuka, ndinamukulunga m'chitenje n'kukwera naye matola wa ku Rumphi, anthu akuseka kuti mayi abereka galu. Sekani, mano ndi anu! Dokotala wa ziweto anagwira bondo, n'kulisuntha uku ndi uku ngati dilowa ya kabati. Anati palibe bala la waya, wangoduka mtsempha wogwira bondo. Mankhwala ake n'kumumanga basi, asathamange, asalumphe, mpaka polumikizirapo palimbe.

Kumanga galu wozolowera kuyenda! Ankatafuna chingwe, kukumba pansi, kulira ngati wamasiye. Inenso mtima sunali m'malo. Ndikatenga tsache ndasiya, ndikakhala pansi ndadzuka, maso ali kunjira yochokera m'paki. Ndinatuma mawu a dokotala kwa bambo kudzera mwa mnzawo wopititsa chakudya, koma yankho silinabwere. Ndinkaopa, zoona ndinkaopa.

Bambo anatulukira masana, mfuti ili paphewa, nsapato zili matope okhaokha. Ndinaima pakhomo la khitchini mawu nditakonza kale, oti akhale okumbukira mpaka ukalamba. Koma chitsiru cha galucho chitangomva fungo lawo chinadula chingwe, n'kundidutsa m'miyendo, kuthamangira mfuti yomweyo ndi miyendo itatu, mchira uli pukupuku.

Bambo anaima. Anatsitsa mfuti, n'kuitsamiritsa kukhoma, ndipo anamunyamula ngati mbuzi yodwala.

"Iwe," anatero kwa galuyo, ine osandiyang'ana n'komwe, "adokotala aja sanakuuze kuti usathamange?"