Chaka Chimene Mawu a Ababa Analowa m'Buku

Chinali chitini chofiira cha mabisiketi, chivindikiro chake chopindika moti potsegula pankafunika mpeni. M'menemo ndimo munkakhala makaseti a Ababa, monga tonse tinkawatchulira mneneri amene anayambitsa mpingo wathu. Asanayambe kulalikira, Ababa anali mmisiri wokhoma mabwato ku Monkey Bay, ndipo kulemba sankadziwa. Zonse zimene anaphunzitsa zinali m'chitinimo ndi m'mitu ya anthu.

Atamwalira, akuluakulu a mpingo anagwirizana kuti mawuwo alembedwe m'buku wailesi isanamalize kutafuna matepi. Ntchitoyo inabwera kwathu chifukwa ndife tinali ndi tebulo lalikulu. Inali nyengo ya mwera, asodzi akungosoka maukonde kumtunda, ine ndili mu Sitandade 5.

Ankakhala atatu. Amalume, amene anasiyiridwa mpingo, ndiwo ankadina mabatani. Aphunzitsi a pasukulu pathu ankalemba m'makope. Amayi ankamasulira, pakuti Ababa ulaliki ukafika pokoma ankasiya Chichewa n'kulowa m'Chiyao, ndipo aphunzitsiwo, pokhala a ku Ntcheu, ankangoimika bolopeni m'mwamba. Ndimakumbukira mabatire oyanikidwa padzuwa kuti apezeko mphamvu. Ndimakumbukiranso tambala wina amene analira m'kaseti, wathu wapabwalo n'kumuyankha, tonse n'kufa nacho chiseko.

Ababa sankatsata mutu polankhula. Ankayamba za pemphero, n'kukhotera ku zomata bwato lothonya, n'kukathera pa ukwati. Choncho aphunzitsi ankadula mapepala ndi lezala n'kumaunjika m'milu: Za Pemphero, Za Banja, Za Ntchito, Za Matenda, mulu uliwonse ataupsinja ndi mwala kuopa mphepo. Panthawiyo ndinkaona ngati masewera. Lero ndimadziwa kuti munthu wogwira lezalayo amakhala ndi mphamvu pafupifupi zofanana ndi za mwini mawu.

Mkangano unabuka pa mulu wa Za Matenda. M'kaseti yakale, Ababa, mawu ali gwa, ankati wokhulupirira sapita kuchipatala, madzi opemphereredwa ndi okwanira. Koma m'kaseti ina ya m'zaka zotsatira, mawu atasasa, anati: "Ndinalakwa, ana anga. Mwana wa mlongo wathu uja ndinamuika m'manda ndine, ndi pakamwa pangapa. Ana akadwala, thamangirani nawo kuchipatala."

Amalume anazimitsa wailesi. Iwo ankafuna kuti m'buku mulowe za kuthamangira kuchipatala zokhazo, zinazo zitsale.

"Bukuli likupita mpaka ku Katuli ndi ku Chiponde, kwa anthu oti Ababa sanawaonepo," anatero. "Akakawerenga kuti mneneri analakwa, atsale ndani mumpingo?"

Sindiwaweruza amalume. Ndiwo ankawabereka Ababa kumsana popita nawo kukasamba m'matenda awo omaliza.

"Achimwene, zilembedwe zonse, monga mmene zinatsatirana," anatero amayi.

"Achemwali, mukufuna tivule munthu woti anagona kale?"

"Anadzivula okha, anthu onse akuona. Inu ndiye mukufuna kuwaveka chimene anachikana."

Amayi sanakweze mawu. Anangonyamuka n'kupita kukachapa, ndipo kwa milungu iwiri sanamasulire ngakhale liwu limodzi. Aphunzitsi ankabwera akaweruka, n'kukhala pakhonde kanthawi, n'kubwerera. Amalume anasiya kuponda pakhomo pathu. Kutchalitchi azimayi ankanong'onezana amayi akamalowa, ndipo anzanga ena anauzidwa kuti asamasewere nane.

Tsiku lina m'mawa amalume anatulukira, osaodira n'komwe. Anakhala patebulo okha, n'kumvera kaseti yachiwiri ija kuyambira poyamba mpaka inadzizimitsa yokha. Kenako anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kunena kuti aphunzitsi aitanidwe. Chimene chinawatembenuza mtima sananene, mpaka imfa yawo.

Mapepalawo anakatayipidwa ku boma, n'kuchulukitsidwa pa fotokope m'sitolo ya bambo wina wachisilamu. Amalume ankakonda kufotokoza kuti atafuna kuika mtolowo pansi, bamboyo anawakokera mpando, amvekere: "Mawu otchula Mulungu, kaya ndi a ndani, sakhala pansi." Kanatuluka kabuku kopyapyala, ka chikuto chobiriwira, komanga ndi timawaya tiwiri. Mabanja angapo atawerenga anachokadi mumpingo, monga ankaopera amalume. Ambiri anatsala, ndipo masiku ano ana awo amatumizirana kabukuko pafoni.

Lamlungu limene mutu wa Za Matenda unawerengedwa koyamba m'tchalitchi, amayi sanalire. Anangondigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo zinasiya zizindikiro. Ine ndinkaganiza kuti akadali okwiya ndi amalume, ndipo ndinkadabwa, poti mlanduwo anali atapambana. Panalibe amene anali atandiuza kuti sindine woyamba kubadwa. Mchimwene wanga anamwalira ndi malungo ine ndisanabadwe, amayi akumumwetsa madzi opemphereredwa monga anauzidwira. Ndiye anali "mwana wa mlongo wathu" wa m'kaseti uja. Analibe chithunzi, analibe khadi la kusikelo, ndipo padziko lonse panalibenso pena pamene panalembedwa kuti mwanayo anakhalapo.