Khutu la Anacleto wa Mawaya

Ku Mocuba aliyense ankamudziwa Anacleto Namuera, koma ankangomutcha Anacleto wa mawaya. Anayamba ntchito nthawi ya Apwitikizi, ku positi ofesi kumene mzungu wina wokalamba ankagogoda kachitsulo ka telegalamu tsiku lonse. Iye sankaloledwa kukhudza kachitsuloko. Yake inali kukwera mapolo m'mbali mwa njanji, kulumikiza waya woduka, ndi kugwetsa zisa za mbalame. Telegalamu itayamba kutha mphamvu, mawaya anayamba kunyamula mawu enieni a anthu, ndipo anamupatsa kalamya kakuda ka timano tiwiri. Akalumitsa timanoto pa waya, ankalankhula ndi anthu a ku Quelimane ali pakati pa tchire.

Anakwatira Felizarda, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankagulitsa makeke a kokonati pa siteshoni. M'mawa uliwonse ankamupatsira kamba uku akumulalatira.

"Bambo a Zita, anzanu amagwira ntchito pansi. Inu munabadwa kwa anyani kodi?"

Nkhondo itafika, anthu a m'tchire anayamba kugwetsa mapolo n'kutenga waya. Anacleto ankapita kukakonza limodzi ndi Gervásio, dalaivala wonenepa wokonda nthabwala, amene analinso mnzake wa ponda apa m'pondepo. Iwo akakonza, enawo ankadulanso. Zinayenda choncho mpaka tsiku lina la m'chilimwe, pa msewu wa ku Namacurra.

Dzuwa linali pamutu. Anacleto anali pamwamba pa polo, lamya ili kukhutu, akuyesa waya ndi Dona Ermelinda, mayi amene ankalumikiza matelefoni ku Mocuba. Gervásio anakhala pamthunzi wa galimoto akudya nzimbe.

"Fulumirani, achimwene," anafuula Gervásio. "Mukumufunsira mayiyo kapena mukukonza waya?"

Anacleto anafuna kumubwezera, koma anaona udzu ukugwedezeka popanda mphepo. Amuna anatuluka mbali zonse, ena ndi mfuti, ena ndi zikwanje.

"Dona Ermelinda, afika," anatero ndi mawu otsika. "Tili pa mlatho waung'ono uja."

Gervásio anaimirira n'kukweza manja, nzimbe ikadali m'dzanja. Anayesa kuseka, akuti ndi amisiri chabe, si asilikali. Wina anam'tema paphewa. Atagwada anam'temanso m'khosi, ndipo magazi anawazikira pa chitseko cha galimoto. Anacleto anaona zonse ali pamwamba. Lamya inamupulumuka m'manja n'kulendewera pa waya, ikadali yolumikizidwa, moti Dona Ermelinda anamva kukuwa konseko ali pampando wake.

Mtsogoleri wawo anali wamfupi, wa chipsera chotsika kuchokera padiso mpaka pachibwano. Analoza mfuti m'mwamba.

"Tsika, mdala iwe. Umauza ndani?"

Anacleto anatsika. Mtsogoleri uja anam'menya ndi chitako cha mfuti pakamwa, mano awiri n'kugwera mufumbi. Kenako anam'patsa nkhwangwa kuti agwetse yekha polo lomwe anali atangokonza. Anadula akulira, iwo akuseka ndi kumuwombera m'manja. Polo litagwa, wa chipsera uja anasolola mpeni.

"Ndi khutu liti limene limamvetsera za boma? Ili?"

Awiri anam'panikiza pansi, wina n'kum'ponda pakhosi. Mpeniwo unali wobuntha, choncho ntchitoyo inatenga nthawi. Atamaliza anam'fumbatitsa khutu lake lomwe.

"Pita nalo kwa mabwana ako. Ukawauze kuti kuno kulibe lamya."

Amunawo anaiyatsa moto galimoto ija n'kulowanso mu udzu.

Ku Mocuba, Dona Ermelinda anali atathamangira kale kwa asilikali. Felizarda atamva, anakwera lole yawo mokakamira, ndipo anamuluma padzanja msilikali amene anafuna kumutsitsa. Anam'peza mwamuna wake atakhala pambali pa mtembo wa Gervásio, akuingitsa ntchentche ndi nthambi. Felizarda sanalire. Anang'amba chitenje chake n'kum'manga mutu.

"Tsegulani dzanjali, bambo a Zita," anatero mofatsa. "Tayani chimenecho. Tiyeni kunyumba."

Bala linapola, koma Anacleto sanakwerenso polo. Anam'patsa ntchito yosunga zipangizo, n'kukhala munthu wosalankhulalankhula, wovala chipewa cha ubweya ngakhale kutentha bwanji. Ana a Gervásio anawatenga n'kuwalera pamodzi ndi mwana wake Zita.

Mtendere utabwera, anthu anauzidwa kuti aiwale zakale. Anacleto ankati anaiwala, mpaka Loweruka lina mu msika, pamene anaona munthu wamfupi wa chipsera akugulitsa nsomba zouma. Munthuyo sanamuzindikire n'komwe.

"Bwerani, madala, za lero izi!"

Anacleto anavula chipewa n'kumuonetsa mbali ya mutu yopanda khutu. Kenako anasolola pampu ya njinga yake n'kum'menya nayo pakamwa. Anam'menyabe atagwa pa nsomba zake, pampu n'kupindika, ndiye anayamba kum'ponda ndi nsapato. Amayi ankakuwa. Panafunika amuna angapo kuti amuchotsepo. Anagona kupolisi, koma womenyedwayo sanabwere kudzadandaula, ndipo ku Mocuba sanaonekenso. Anacleto anabwerera kunyumba. Felizarda atam'funsa ngati mtima unatsika, anapukusa mutu.

Patapita zaka, mapolo otsala anawola okha, anthu atayamba kuyenda ndi foni m'thumba. Kampani ina inamanga nsanja ya foni pa kaphiri kunja kwa tauni, ndipo Anacleto, imvi zili mbuu, analembedwa ulonda wa masana. Analima nandolo kuzungulira mpanda wonse. Akuluakulu a kampaniyo anamuuza kangapo kuti azule, iye n'kumangovomera ndi mutu, mawa lake n'kupalira.

Anamwalirira komweko, atakhala pa kampando kake, nandolo atayamba kukhwima. Felizarda ndi ana anapita kukathyola nandolo yense, ndipo ndiye anali ndiwo pa maliro.