Mafunso a Chiyamiko

A Lyson Kambalame ndi munthu wosakhulupirira chinthu asanachigwire ndi manja awo. Agwira ntchito yochapa zovala pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo chovala chilichonse amayamba achipisa m'matumba asanachiponye m'makina. Apezamo mano oikirira, mapiritsi amene nkhalamba inanamiza nesi kuti yameza, ngakhale nthuli ya nyama yokulunga m'pepala. Kutchalitchi ku Indianapolis anthu amawalemekeza, koma sakonda kukhala nawo pafupi pa chakudya, chifukwa munthu akayamba kuthira mchere nkhani yake, a Lyson amamudula ndi funso lakuti zimenezo zinachitika chaka chanji.

Anabwera kuno potsatira akazi awo, a Lucia, amene ndi nesi. Mwana wawo ndi mmodzi, Chiyamiko, wobadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Chaka chimenecho anali m'kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo mtima wake unali pa yunivesite ina yapatali imene anthu amati pa ana khumi ofunsira malo imatengapo mmodzi. Mayeso anakhoza bwino. Chimene chinatsala chinali chimangirizo, nkhani yaifupi imene mwana aliyense amalemba yofotokoza za moyo wake. Tsiku lomaliza kutumiza linali 1 Novembala.

Mu Seputembala mwanayo anayamba kufunsa mafunso. Ankafunsa m'galimoto, bambo ake akamutenga kusukulu. Sukulu yanu inali kutali bwanji? Nsapato munali nazo? Nanga munasiyiranji? A Lyson anayamba kumuyang'ana cham'mbali. Uyu ndi mwana amene zaka zonsezi sanafunsepo ngakhale dzina la mudzi wa kwawo ku Ntchisi. Anaonanso kuti akangoyankha, zala za mwanayo zimathamanga pa foni. Za kusiya sukuluzo anayankha monga ankayankhira aliyense: anafika Sitandade 8, fizi inasowa, basi.

Atafunsa akazi awo, anamva kuti kuli Mayi Magdalene ku South Bend, ogwira ntchito mu ofesi ya pa koleji ina, amene amathandiza ana a Amalawi kuapulaya malo ku yunivesite, ndipo salandira kanthu. Mawu akuti salandira kanthuwo ndi amene anawasowetsa mtendere a Lyson. Munthu wotani wotaya Loweruka lake pa mwana wa eni popanda chimene akufuna? Loweruka lililonse Chiyamiko ankadzitsekera m'chipinda kukambirana ndi mayiwo pa kompyuta, ndipo a Lyson ankadutsa pakhomopo kawirikawiri ngati akufuna china m'kabati.

Tsiku lina m'mawa anapeza mapepala awiri mwanayo atawaiwala pa makina osindikizira. Anawapinda, nkupita nawo kuntchito. Pa nthawi yopuma anavala magalasi nkuyamba kuwerenga, chala chikutsata mzere, poti Chingerezi cholemba chimawatengera nthawi. Nkhaniyo inali ya iwo. Inati ankayenda makilomita khumi ndi asanu opanda nsapato, pamene sukuluyo inali kutsidya kwa dambo ndipo nsapato za pulasitiki anali nazo. Inati ankakhala nambala wani chaka ndi chaka. Inati umphawi unawachotsa pa desiki, ndipo mwana wawo akufuna kumaliza ulendo umene umphawi unadula.

Loweruka lotsatira sanauze munthu. Analowa m'galimoto nkutenga msewu wa 31 kulowera kumpoto, maola awiri ndi theka, mpaka pakhomo pa Mayi Magdalene. Mayiwo anawalandira, nkuwapatsa tiyi amene a Lyson sanamwe. A Lyson anayala mapepala aja patebulo nkufunsa ngati ntchito ya mayiwo ndi kuphunzitsa ana bodza kuti azungu awamvere chisoni.

Mayi Magdalene sanakwiye. Anati za makilomita ndi nsapato anamuuza kale mwanayo kuti akafunsenso kunyumba, ndipo zimenezo nzosavuta kuchotsa. Za nambala wani anati mwina mwana anangoganiza yekha, poona mmene bambo ake amadziwira zinthu. Kenako anaika chala pa ndime yapakati.

"Koma msana wa nkhaniyi ndi apa, achimwene, pa fizi. Apa sindinaonjezere ine. Mawu amenewa ndinawamvapo kwa inu nomwe pa ukwati wa ku Speedway uja. Kapena pali cholakwika?"

A Lyson anayang'ana chala cha mayiwo, nkunena kuti njira ndi yaitali, ayenera kubwerera.

Pobwerera, minda ya chimanga inali itakololedwa mbali zonse za msewu, ndipo m'galimoto munalibe wina woti amukayikire. Fizi sinasowe. Bambo awo, mlimi wa fodya, analipira chaka chilichonse osadandaula. A Lyson analemba mayeso a Sitandade 8 katatu. Kachitatuko anakalembera pa sukulu ina, ndi dzina la msuweni wawo, monga ankachitira ambiri masiku amenewo poganiza kuti dzina lobwereza silisankhidwa. Katatu konseko anaima pa chitseko cha ahedi kufunafuna dzina pa mndandanda wa opita ku sekondale, mpaka anzawo onse atabalalika. Atapita ku Lilongwe kukafuna ntchito, anaona kuti wosowa fizi anthu amamumvera chisoni, pamene wolephera amamuseka. Anasankha chisoni. Ngakhale a Lucia anakwatiwa ndi munthu wosowa fizi.

Panatsala masiku khumi ndi awiri. Akakhala chete, mwana alowa pachipata cha sukulu atanyamula bodza limene sakulidziwa nkomwe. Akayankhula, chimangirizo chimene mwanayo wachipala miyezi iwiri chigwa chonse, ndipo pakhomo pawo pomwe adzadziwika kuti ndi ndani. Anaganizanso zoti mwina sukuluzo zimafufuza, mwina zili ndi anthu awo mpaka ku Ntchisi. Koma atafika pa tauni ya Kokomo anavomera mumtima kuti palibe amene angafufuze, ndipo chimenecho ndicho chinawavuta koposa.

Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi, anaitana awiriwo patebulo asanavule nkomwe jekete. Anafotokoza zonse mwadongosolo, chaka ndi chaka, ndi dzina la msuweni lomwe. A Lucia anagwira chibwano.

"Bambo a Chiyamiko, inu? Inu amene munabweza mphatso ya anzanu a Gray chifukwa ananama kuti anaigula ku Chicago?"

"Ine ndemwe."

Chiyamiko anayankhula zambiri m'Chingerezi, mofulumira, misozi ili m'maso. Anati chimangirizocho anachilemba kasanu ndi kawiri, aphunzitsi ake anachiyamikira, ndipo anzake onse anamaliza kale zawo. Anafunsa chifukwa chimene sanadikire kuti atumize kaye. Kenako anayesa Chichewa, chimene sachita kawirikawiri.

"Ndiye munandinamiza, adadi?"

"Ndinakunamiza. Koma iwe usanamize anthu ndi bodza langa. Ukakalowa kumeneko, ukalowe ndi zako."

Mwanayo anakankha mpando nkupita kuchipinda. Sabata yonse m'galimoto munalibe mafunso. Ankakhala kumbuyo, zomvera nyimbo zili m'makutu. A Lyson ankamuyang'ana pa galasi ndipo chikayiko chawo chinabwerera mwamphamvu. Ankaganiza kuti mwanayu angochotsa za nsapato nkutumiza chakale chija, poti ndani angadziwe? Anafunsa a Lucia ngati akudziwa chimene chikulembedwa m'chipindamo, koma a Lucia anati munthu amene wabisa nkhani zaka makumi anayi angathe kudikira sabata imodzi.

Pa 31 Okutobala a Lyson anapempha kuweruka msanga. Anapeza Chiyamiko ali patebulo ndi kompyuta, kunja ana a anthu atayamba kale kuyenda khomo ndi khomo kupempha maswiti monga mwa mwambo wa kuno pa tsikuli. Mwanayo anati watsala pang'ono kusabmita chimangirizo chake ku yunivesite. Iwo anati sasabmita kanthu iwo asanaone. Mwanayo anawatembenuzira kompyutayo.

A Lyson anavala magalasi. Nkhaniyo inali yaifupi kuposa yoyamba ija, ndipo munalibe chowatamanda. Inanena za mnyamata amene anaima katatu pa chitseko kufuna dzina lake osalipeza, ndi za bambo amene anabisa zimenezo kwa mkazi wake ndi mwana wake. Inati mwanayo anakula akuopa kubwera kunyumba ndi pepala lolephera, poganiza kuti bambo ake sanalepherepo kanthu. Inatinso iye naye tsopano akudikira mndandanda, ndipo dzina lake likapanda kuonekapo, adzanena kuti silinaoneke.

Pa mzere wina chala cha a Lyson chinaima. Panalembedwa kuti bambo anga ananama kwa zaka makumi anayi. Anafunsa ngati mawu amenewo ayenera kuwerengedwa ndi anthu achilendo. Chiyamiko anawafunsa ngati ndi abodza.

A Lyson anawerenga zakazo pa zala, kuyambira chaka chimene anafika ku Lilongwe.

"Ndi makumi anayi ndi chimodzi. Konza."

Mwanayo anakonza. Kenako a Lyson anamuuza kuti awaonetse pa fomu penipeni pamene chimangirizocho chalowa, kuti aone ngati ndi chomwechi osati china. Anachiwerenganso pamenepo kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwanayo akugogoda tebulo ndi zala. Atafika pa mawu omaliza anavula magalasi.

"Tumiza," anatero.